Piritsi la a Mbewe pa mbale

Ntchito yanga yoyamba kuno ku Joni ndinaipeza pa gulupu ya WhatsApp ya Amalawi a ku Rustenburg, pakati pa uthenga wa maliro ndi wa munthu wogulitsa filiji. Ankafuna woyendetsa sikuta, wodziwa Chichewa ndi Chitswana pang'ono. Chitswana changa chinali cha moni basi, koma ndinayankhabe.

Kanali kabungwe kogwira ntchito ndi kiliniki, kokapereka ma ARV kunyumba kwa anthu amene sangaime pamzere. M'mawa Sisita Dineo, bwana wanga, ankandipatsa mapaketi a bulauni omata kale. Ndimawaika m'bokosi kumbuyo kwa sikuta, ndafika ndimasikana kodi ndi foni, munthu walandira, ndapita. Lamulo lawo linali limodzi. "Gift, paketi ndi ya mwini wake. Osati mkazi wake, osati neba."

Ine ndi foni simungatisiyanitse, ndiye ndinafufuza zomwe ndanyamulazo. Eish, ndinadabwa. Kachilomboka kakalowa m'thupi kamabwera ndi zida zake, ma enzaimu. China chimakopera uthenga wake, china chimausokerera m'maselo athu. Piritsi limodzi lija muli mankhwala atatu, awiri amagwira chokopera, wachitatu amagwira chosokera. Anthu anakhala zaka m'malabu kuti apeze pogwira penipenipo. Koma mankhwala akachepa m'magazi, kachilombo kamaphunzira kuzemba. Izi ndinkauza aliyense, ngakhale wometa tsitsi.

Ku Kroondal ndinali ndi a Mbewe, madala a ku Ntcheu amene anagwira mgodi mpaka penshoni. Botolo lawo linkatha pa nthawi yake ndendende, sankachedwa. Koma ankawonda, kolala ya shati ikulendewera. Sisita ankandifunsa, ine n'kumati akumwa bwinobwino.

Tsiku lina kunayamba mvula ndili pakhomo pawo, akuti lowa mwanawe. Kanali koyamba kulowa. Patebulo panali mbale yachitsulo, lezala, ndi piritsi lodulidwa pakati. Pabedi panakhala mnyamata wamkulu kuposa ine, akutsokomola.

"Madala, ichi n'chiyani?"

"Theka langa, theka la Yohane. Ndi mwana wa mchemwali wanga. Ndidye ndekha iye akuyang'ana?"

Yohane anayamba mankhwala kumudzi, atamuthera kuno anaopa kiliniki. Pasipoti inatha kalekale, ndipo anamva kuti masiku ena pageti pa kiliniki pamaima anthu ofunsa ma ID. Ndiye malume ake anangoti tigawana ngati chimanga chootcha. Botolo n'kumathabe pa tsiku lake, ine n'kumasikana, sharp sharp, ndapita.

Ndinatulutsa foni, ndinayamba za ma enzaimu, ndikulankhula ngati wailesi. Data inathera pakati pa vidiyo yomwe ndinkawaonetsa. Ndinatuluka thukuta mvula ikugwa, chifukwa m'mutu munkangozungulira chimodzi: kachilombo kakuphunzira mwa anthu awiri nthawi imodzi, ndipo mwina kaphunzira kale.

Kenako ndinaona chipewa chawo chakale cha mgodi pa msomali.

"Madala, pansi paja mukamachirikiza denga, mtengo umodzi munkaudula pakati kuti ukwane malo awiri?"

"Hayikhona! Ukufuna tafule, mwala wa denga uja, itigwere tonse?"

"Ndiye mwadulatu."

Anayang'ana mbale ija. Kenako anati, "Ukamuuza Sisita, amugwiritsa mwanayu."

Apa mpamene panandivuta. Ndikanena, ndaulula za m'nyumba ya munthu wamkulu, mwinanso Yohane akwezedwa galimoto ya ku boda. Ndikapanda kunena, ndiziwabweretsera ndekha theka la moyo mwezi ndi mwezi. Ndinawapempha kuti ndiimbire Sisita iwo akumva, osatchula dzina. Anavomera ndi mutu. Eyataimu ndinachita kubwereka.

Sisita sanakalipe, ndipo zimenezo zinandiopsa kwambiri. Anangoti, "Ine ndimafuna magazi ake, pasipoti ndi ya anthu ena. Ubwere nawo onse mawa, ndikudikira pageti ndekha."

M'mawa ndinanyamula Yohane pa sikuta, a Mbewe anakwera tekisi. Njira yonse Yohane ankandifinya m'nthiti. "Aise, ukaona anthu pageti ubwerere, wamva?" Ndinati eya, koma sindikudziwa ngati ndikanabwerera. Pageti panali Sisita ndi ambulera yawo, ndi mayi wogulitsa magwinya, mandasi a kuno.

Onse anawatenga magazi, Yohane anatuluka ndi botolo lakelake. Kudikira zotsatira kunandidwalitsa, foni ikangolira mtima phaa. Zitabwera, Sisita anati kachilombo kachuluka mwa onse awiri, koma amwe lathunthu tsiku lililonse, ayezanso pakapita miyezi, mpamene tidziwe ngati mankhwala omwewa akugwirabe. Ndinachoka pantchitopo zachiwirizo zisanatuluke, kontirakiti itatha. Nambala ya a Mbewe ndili nayo, ndimaopa kuimba, koma pa sitetasi ya Yohane ya WhatsApp ndimaona akunenepa masaya.

Amene mukufuna ntchito imeneyi, foni imangokuuzani kuti paketi yafika. Sikuuzani kuti m'nyumbamo akumwa angati. Pano ndimanyamula zina, koma pakhomo pa munthu wamkulu sindiperekeranso chiimire. Ndimavula helimeti, ndimalowa, ndimayang'ana patebulo.