Chinangwa cha Mayi Olinda

Ku Chiuta, anthu akafuna kudziwa ngati mlendo wabwera kudzakhala kapena akungodutsa, samufunsa. Amangosuzumira m'munda mwake. Wodutsa amabzala nyemba ndi chimanga, zakucha mvula isanathe. Wokhala amabzala chinangwa, pakuti chinangwa chimadikira dzinja lina.

Mayi Olinda anazidziwa zimenezi akali mtsikana. Anabadwira m'mudzi wina kumtunda kwa nyanja, kumene mayi awo ankalima chinangwa mpaka kuseri kwa khola la mbuzi. Nkhondo itafika mudziwo unapsa, ndipo iwo anaolokera ku Malawi ndi nsalu ya kapulana imodzi pathupi, ina atamangamo mphika. Ku msasa wa othawa nkhondo anawapatsa kadimba kakang'ono ngati mphasa. Zaka zonse zimene anakhala kumeneko ankabzalamo mpiru ndi matimati basi. Wina akawapatsa mtengo wa chinangwa ankathokoza n'kuupereka kwa eni dziko.

Kumsasa komweko anakumana n'kukwatirana ndi a Efraimu, mnyamata wamtali amene ankaphunzitsa nyimbo pansi pa mkuyu, yemwe pambuyo pake anakaphunzira ubusa. Mtendere utabwera, anthu akubwerera ndi akatundu pamutu, mpingo unatuma abusa Efraimu ku Chiuta. Kumudzi kwa Mayi Olinda kunalibenso kobwerera. Abale ena anali atamwalira, ena anatsalira ku Malawi, ndipo pa malo a makolo panali patakhala anthu ena. Kwawo kwa abusa nako kunali bwinja. Choncho nyumba ya mpingo ndi munda wa mpingo ndiko kunakhala kwawo.

Anapeza tchalitchi chilibe denga, mpoza utamera pamene panali guwa. Abusa anayamba ndi kudula milimo ya denga. Mayi Olinda, asanazire n'komwe nyumba, anatsikira kugombe kukapempha mbewu ya chinangwa. Amene anawapatsa ndi a Mastura, mayi wachisilamu, mkazi wa msodzi, amene banja lawo linapirira nkhondo yonse m'mabango osachoka panyanjapo.

"Ndiye kuti mwabwera kudzakhala," anatero a Mastura akumanga mtolo ndi luzi.

"Tabwera kudzakhala."

Chinansi chawo chinayambira pa mtolo umenewo.

Madzinja anabwera n'kupita. Denga linafoleredwa ndi udzu, kenaka ndi malata. Mayi Olinda ankatsogolera amayi a mpingo, ankasambitsa maliro, ankadikira pakhomo pa obereka. Anaika mwana mmodzi kuseri kwa tchalitchi, ndipo wina, Rita, anakula n'kukwatiwa ku Cuamba. Abusa ankapalasa njinga mpaka ku Amaramba kukapereka Mgonero kwa odwala, chikho chitakulungidwa m'nsalu yoyera imene mkazi wawo ankachapa ndi kuyanika payokha. Chaka ndi chaka, akakumba chinangwa, Mayi Olinda ankaimika mitengo yake pamthunzi wa mango, ndipo mvula ikalowa pansi ankaidula n'kubzalanso. Mbewu ija ya a Mastura sinathe m'mundamo.

Chaka china, nthawi ya chilimwe, nyenje zikulira m'mitengo, abusa anatsika pa njinga pabwalo n'kugwa osapunthwa. Ku chipatala cha ku vila, tauni yapafupi, anawathandiza mmene akanathera. Anabwerera kunyumba dzanja ndi mwendo wakumanja zitafa, pakamwa patakhota, mawu akutuluka limodzilimodzi ngati madzi a pachitsime chouma.

Mayi Olinda ankalidziwa lamulo. Nyumba ya mpingo ndi ya mbusa amene akugwira ntchito. Anali ataonapo kwina mkazi wa mbusa akutuluka, mipando itamangidwa panjinga, wolowa m'malo akudikira pansi pa mtengo mwamanyazi. Sankaliona ngati lamulo loipa. Nkhosa zimafuna mbusa, ndipo mbusa amafuna pogona. Chimene sankadziwa ndi kumene angapite ndi munthu wosayenda.

Lamulungu lililonse, mapemphero akatha, a Augusto, mkulu wa mpingo, ankafika pakhonde chipewa chili m'manja.

"Abusa adzuka bwanji, amayi?"

"Akupezako."

"Tithokoze Mulungu."

Ankasiya nkhuku kapena nsomba zouma za makumba, n'kubwerera cham'mbuyo. M'nyumba sankalowa, ndipo panalibe wa mumpingo amene ankalowa. Sikunali kuuma mtima. Munthu amene anakubatiza, amene anakudalitsira ukwati, ungamuone bwanji atagona pamphasa akumwetsedwa phala? Ankaona kuti kutero n'kumuvula ulemu. Nawo Mayi Olinda ankayankha "akupezako" sabata ndi sabata, podziwa kuti tsiku limene adzayankhe mwina, mawuwo adzakwera njinga kupita kwa akuluakulu.

Chilimwe chisanathe, amuna a mpingo anaumba njerwa kuseri kwa tchalitchi n'kuziotcha. Palibe amene ananena kuti n'za chiyani. Mayi Olinda anaona utsiwo n'kudziuza mumtima kuti akukonzekera kukuza nyumbayi, chifukwa mbusa wobwerayo adzakhala ndi ana aang'ono.

Chizimalupsa chinagwa, fumbi n'kugona. Mango anapsa. Mvula yeniyeni itabwera, inswa zitatuluka, Mayi Olinda anabzala chimanga ndi nyemba. Mitengo ya chinangwa inatsala chiimire pamthunzi paja.

Munthu mmodzi yekha ndi amene ankalowa m'nyumbamo osadikira kuuzidwa. A Mastura ankangoti "Odi!" ali kale pakati pa chipinda.

"Abusa, kugona kumeneku kwakwana. Mlamba uwu ndawotcha ndekha. Mukaukana ndibwerera nawo kwa amuna anga a Haji, ndipo mukuwadziwa, satsala ndi mutu womwe."

Abusa ankaseka ndi mbali imodzi ya nkhope, n'kudya pang'ono.

Tsiku lina potuluka a Mastura anaima pa mango paja. Mitengo ina ya chinangwa inali itatulutsa timasamba, ina itayamba kuuma kunsonga.

"Anzanga, chinangwa ichi mukufuna chibereke m'mwamba ngati mango?"

"Ndibzala."

"Munatero inswa zisanatuluke."

Mayi Olinda anakonza mpango kumutu, maso ali kumunda. "Ndikabzala adye ndani?"

"Akuuzani kuti muchoke?"

"Sananene."

"Nanga inu mwawafunsa?"

"Zofunsa zimenezo? Ukafunsa ndiye wawakumbutsa."

Chimanga chitafika m'mawondo, mmawa wina mvula itakata, panafika munthu akukankha njinga, matope atamatira mpaka m'masipoko. Anali abusa Danieli, amene ankayang'anira abusa onse a m'chigawocho, bambo wamfupi wa imvi, yemwe anaphunzira ubusa limodzi ndi a Efraimu. Mayi Olinda atawaona anaganiza kuti nthawi yochoka yakwana, koma anagwada n'kulandira chikwama monga mwa nthawi zonse.

A Danieli anapala matope ku nsapato n'kulowa. Anaima pafupi ndi mphasa, akuyang'ana mnzawo nthawi yaitali.

"Achimwene, ndevu zimenezi mukufuna kulanda ntchito ya Mose?"

Anapempha madzi ofunda, sopo ndi lezala. Anati m'nyumba muli mdima, ndiye iwo ndi Mayi Olinda anawanyamula odwalawo n'kuwakhazika pampando pakhonde, poyera, pamene aliyense wopita kuchitsime akanawaona. A Augusto, atamva kuti kwabwera mlendo, anali atafika kale, koma anaima patali pafupi ndi nkhokwe, maso pansi.

"A Augusto, nkhokweyo siigwa. Bwerani mudzandigwirire beseni."

Anabwera mwakachetechete. Anagwira beseni ndi manja awiri ngati mbale ya ubatizo. Thovu litatsikira m'khosi mwa abusa, anaika beseniyo pansi, n'kuwapukuta ndi chala chawo asanaganize. Abusa Efraimu anawayang'ana.

"Au... gusto. Mwa... nenepa."

A Augusto anaseka, misozi ili m'maso.

Kumeta kutatha, a Danieli anapempha chikho chija cha m'nsalu yoyera, ndipo munthu amene anachinyamula zaka zonse kupita nacho kwa odwala anamwerapo ali wodwala. Kenaka abusa Efraimu anagwira mkono wa mnzawo ndi dzanja lamanzere. Analimbana ndi lilime lawo mpaka mawu anatuluka.

"Tumi... zani wina. Nkhosa."

Mayi Olinda anatola beseni, n'kupita kukataya madzi kuseri. Anawataya pa tsinde la mango, ndipo sanabwerere. Mawu amene anawatsekera pakhomo miyezi yonseyi anali atatuluka m'kamwa mwa mwamuna wawo yemwe.

Anamva mapazi pambuyo. A Danieli anathyola nsonga ya mtengo umodzi wa chinangwa, n'kuyang'ana mkati ngati mukadali madzi. Nawonso anakhalapo kumsasa, ndipo sanafunikire kuuzidwa.

"Amayi, inuyo mukumagona?"

Funso limenelo panalibe amene anawafunsapo. "Pang'ono."

"Nanga mbewu iyi ikudikira chiyani?"

"Sakupezako, abusa," anatero Mayi Olinda, ndipo anadabwa kuti mawuwo ndi opepuka chotero. "Mmene mwawaoneramo ndi mmene alili. Wina akabwera, nyumba ndi yake, munda ndi wake. Ndikuzidziwa, sindikudandaula. Mungondiuza nthawi, kuti mbewuyi ndikaibweze kwa eni ake isanaume."

"Wina abwera, zimenezo sindikubisirani. Masika akatha." A Danieli anatembenuka n'kukweza mawu. "A Augusto! Tabwerani. Mbusa watsopano mukamugoneka kuti?"

A Augusto anafika akupukuta manja m'thalauza. "Njerwa zilipo, abusa. Tinaotcha mvula isanagwe. Malo tinaona kale, kumtunda kwa tchalitchi, pafupi ndi njira. Akulu tonse tinagwirizana kuti bambo athuwa sangatuluke m'nyumba imene anafolera okha."

Mayi Olinda anawayang'ana. "Njerwa zija?"

"Zomwezo, amayi."

"Nanga osandiuza?"

A Augusto anakanda kumutu. "Tikananena bwanji, inu mukutiuza kuti akupezako? Kubwera pakhomo pano n'kumati tikumangira wolowa m'malo, sikukanakhala kuwakumbira manda ali moyo? Tinati tidikire muyambe ndinu."

"Ine ndimadikira inu."

A Danieli anapukusa mutu. "Ulemu wa ku Chiuta ukanapha chinangwa cha munda wonse. Koma nanenso ndili momwemo. 'Akupezako' ndi mawu okoma kwa munthu amene sakufuna kupalasa njinga m'matope. Ndinawamva kangapo ndili kwathu, ndipo ndinawakhulupirira msanga."

Ananena zotsalazo mosazungulira. Lamulo likuti mbusa wa ntchito akhale m'nyumba ya mpingo, ndipo nyumba yatsopanoyo idzakhala ya mpingo. Za kumsonkhano wa abusa akazinena okha, ndipo ngati wina adzatsutse adzatsutsana ndi iwo. Munda ugawidwa: chigawo cha kumtunda kwa wobwerayo, cha kumunsi, chakudambo, kwa Mayi Olinda. Akulu azisinthana kubwera kudzatembenuza abusa ndi kuwatulutsa padzuwa, kuti amayi azipeza nthawi yogona ndi yolima. Kuchira sanalonjeze.

"Chigawo cha kumunsi n'chochepa," anatero a Augusto mwamanyazi.

"N'chachikulu kuposa mphasa," anayankha Mayi Olinda.

Dzuwa litapendeka, nthaka ikadali yofewa, ananyamula abusa ndi mpando womwe n'kuwaika pansi pa mango. A Augusto anatenga chikwanje. Abusa Efraimu ankagwira mtengo uliwonse ndi dzanja lamanzere, kuutsamiza pa chipika, mkulu wa mpingo n'kumadula. Yambiri inali itauma, ndipo ankaiponya pambali kuti ikhale nkhuni. A Danieli anavula jekete n'kupempha khasu, koma mizere yawo inkakhota, mpaka Mayi Olinda anawalanda mwaulemu n'kuwapatsa ntchito yonyamula mbewu.

Mayi Olinda anawerama. Ankazika kamtengo kalikonse chopendeketsa, maso ake akuloza kumwamba, n'kupondapo ndi chidendene. Mbewu inatha atangodutsa pakati pa chigawo chawo.

A Mastura ankachokera kugombe, dengu pamutu. Anaima panjira, n'kuona mbusa mmodzi ali pampando ndevu zitametedwa, wina ali matope okhaokha.

"Mochedwa chonchi, anzanga? Anzanu chawo chili m'mawondo."

"Chigwira. Koma mbewu yandithera."

A Mastura anayeza ndi maso malo otsalawo, kuchokera pamene Mayi Olinda anaima mpaka kudambo.

"Mitolo iwiri," anatero. "Mubwere mmawa ndi luzi lanu. Langa lija simunabweze."