Chitini cha Che Abacar

A Arsénio a ku Namacula, mu mzinda wa Lichinga, ndi munthu wogula ndalama ndi ndalama. Amatero anansi awo, ndipo sanama. Chipumireni pa ntchito ya njanji, mkazi wawo atamwalira, mwana wawo Stélia n'kukwatiwa ku Nampula, mkuluyu anangotsala ndi nyumba yozizira ndi makobidi akale: maesikudu a nthawi ya Apwitikizi, mametikali amene anatha ntchito, ndi timapeni toboola pakati tochokera kutsidya kwa nyanja. Zonsezo simungagulire ngakhale mchere.

Amawapeza ku leilau, kumene katundu amagulitsidwa kwa amene watchula mtengo waukulu. Sitolo ikatsekedwa kapena banja likamasamuka, ena amathamangira mabedi ndi mafiriji. A Arsénio amalunjika ku zitini ndi madirowa, chifukwa makobidi amabisala pansi pa mabatani ndi misomali yadzimbiri.

Chowasowetsa mtendere chinali Che Abacar, wogulitsa nsalu wa ku Chiuaula, dera lina la mzinda womwewo, nawonso odwala nthenda yomweyi. A Arsénio akatchula mtengo, Che Abacar ankayamba atsokomola kaye, kenako n'kuwonjezera pang'ono chabe, kungofuna kupsetsa mtima. A Arsénio ankawatcha fisi. Koma leilau ikatha, awiriwa ankakhala pakhonde la sitolo ina, manja m'thumba chifukwa cha chisanu, n'kumaonetsana zimene atola, aliyense akunyoza za mnzake. Sanayenderanepo, ngakhale kufunsana za kunyumba. Komabe mu Lichinga monse, munthu yekhayo amene ankagwira kobidi la a Arsénio n'kudziwa chimene wagwira anali mdani wawoyo.

Ndiye Che Abacar anangosowa. Pa leilau yoyamba yopanda iwo, a Arsénio anagula motchipa n'kubwerera kunyumba akuimba mluzu. Ulendo wotsatira mluzu unathawa. Anaganiza zopita ku Chiuaula kukafunsa, koma manyazi anawagwira: munthu wamkulu angamayende khomo ndi khomo kufunafuna fisi? Anangoti mawa, mawa, ndipo kusungulumwa kunawadya ndithu.

Atamva kuti ku Chiuaula kuli leilau, analawirira, poganiza kuti pakwawo penipeni munthuyo sangalephere kubwera. Anapeza katundu ataunjikidwa pabwalo: makina osokera, mipukutu ya nsalu, mkeka wopemphererapo. Mayi wina wapafupi ndiye anawauza kuti pamenepo ndi pakhomo pa Che Abacar. Eni akewo anamwalira m'mawa wina n'kuikidwa tsiku lomwelo, monga amachitira Asilamu. Sadaka ya arobaini, ya tsiku la makumi anayi chimwalirireni, inachitika kale, ndipo ana awo, amene amakhala ku Pemba, akugulitsa zonse. Uthenga sunafike ku Namacula chifukwa palibe ankadziwa kuti kumeneko kuli woti auzidwe.

Chitini cha makobidi chinatuluka chakumapeto, chachikulu, chakale cha mabisiketi. Wogulitsa anachigwedeza, anthu n'kuseka, iye n'kutchula mtengo wa mulu wa kachewere. A Arsénio anakweza dzanja. Palibe wina anawonjezera. Anadikira, akumvetsera kumbuyo kwawo ngati wina angatsokomole. Kenako iwo omwewo anatchula mtengo wokwererapo.

"Bambo, palibe akulimbana nanu," anatero wogulitsayo. "Mtengo woyambawo ndi wanu womwe."

"Ndikudziwa," anayankha a Arsénio. "Koma eni ake sakanalola kuti chipite pa mtengo umenewo."

Anakwezanso, n'kukwezanso, akulimbana okha, mpaka ndalama ya penshoni imene inali m'thumba mwawo inathera pomwepo. Achinyamata ananong'onezana kuti ukalamba wafika kumutu. Mwana wamkulu wa malemu anawayang'ana nthawi yaitali, koma sanawadziwe, ndipo a Arsénio sanadzitchule.

Anayenda pansi mpaka ku Namacula, chitinicho atachikumbatira pachifuwa, chifukwa ndalama yokwerera njinga yamoto analibe. Chili pansi pa bedi mpaka lero, chosatsegula. Stélia akaimba foni amamuuza kuti ali bwino, kungoti kukuzizira. Ku leilau amapitabe, amaima pamalo pawo pomwe paja, ndipo masiku ano amagula motchipa kwambiri.