Munthu wopanda nkhope wa pansi pa mawaya

Mchemwali wanga Esinati amakazinga mtedza m'mbali mwa msewu wopita ku Mwami, pansi penipeni pa mawaya aakulu a magetsi. Masana kukakhala zii, mumawamva akung'ung'udza ngati njuchi. Mukatambasula ambulera, chitsulo chake chimakutsinani chala.

Chomwe chimamusowetsa mtendere ndi khanda lomwe amaswera nalo kumbuyo. Asamuke, ataye makasitomala? Akhale, mwana azilowedwa ndi zosaonekazo?

Loweruka ndinapitako ndi msuweni wathu Yona, yemwe akuphunzira zamagetsi ku Lusaka, kuti akatiuze ngati mawayawo ndi oopsa. Atatsegula laputopu pa benchi, munaoneka munthu wamaliseche, wopanda tsitsi, wopanda nkhope, akuzungulira pang'onopang'ono. Yona atadina batani, thupilo linafiira m'khosi ndi mu akakolo. Akuti ndimo mphamvu ya mawaya imaunjikana popita pansi.

"Ameneyu ndani?" Esinati anafunsa.

"Anamujambula kuchipatala kunja uko, asisi. Dzina sitilidziwa."

"Ali moyo?"

"Kaya."

Yona anati mphamvu yolowa m'thupilo ndi yochepa, siyikufika pa malire oopsa. Ine mtima unakhala pansi. Esinati ankangoyang'ana chinthucho.

"Tam'bereketsani mwana timuone," anatero Esinati.

"Ndili ndi thupi lokhali, asisi. La mayi wobereka mwana kumbuyo sindinalionepo."

Sindikunyoza sayansi ayi, ndipo Yona sananame. Koma munthu amene akuyesedwa m'malo mwathu waima njo, manja pansi, pamutu palibe kanthu. Inu owerenga, munamuonapo mayi wa kuno ataima choncho? Amasenza beseni lachitsulo pamutu, mwana kumbuyo, mapazi m'matope. Mwina kusiyanako n'kochepa. Nanga bwanji palibe wotionetsa?

Ifenso tili ndi kathu. Tikaona malo opanda nyumba m'tauni timati mwayi wagwa, n'kukhoma benchi, osafunsa chomwe ena anawasiyira.

Dzulo ndinadutsanso. Esinati ali pomwepo, akutakasa mtedza, koma kumbuyo kulibe munthu. Mwana anakamusiya kwa apongozi ake ku Nabvutika, asanaleke n'kuyamwa komwe. Mkaka unali utanyowetsa bulauzi, ndipo ankadzigwedezabe uku ndi uku ngati akutonthoza wina. Ndinamva chisoni.

Pamwamba pake mawaya ankang'ung'udzabe. Ndani adzamuuze kuti akamutenge mwanayo, munthu wopanda pakamwa uja?