Shuga wa mayi a Mwanaisha

Ndikukumbukira Loweruka limene shuga anafika kwathu ku Liwaladzi ngati mlendo wolemekezeka. Bambo anali atangolembedwa ntchito yodula nzimbe ku Dwangwa, ndipo atalandira koyamba anabwera ndi mapaketi asanu pakaliyala ya njinga. Asanu! Ife amene tinazolowera phala lothira mchere basi.

Amayi anayala mkeka, n'kuika mapaketi aja pakati, akuti tonse tigwade. Pemphero lake linatalika ngati la pa Khirisimasi. Anathokoza Mulungu chifukwa cha ntchito, njinga, mpaka chikwanje cha bambo chimene. Ine diso limodzi linali lotsegula, kulondera shuga. Atangoti ameni anang'amba mapaketi awiri n'kuyamba kuthira m'makapu apulasitiki.

"Mulungu akapatsa sapatsa iwe wekha, amangodzera pakhomo pako," anatero ataona kuti mlomo wanga watalika. "Tenga, Esnati, ukagawe. Ukagwade popereka, ndipo ndisamve kuti wakadzitama."

Makomo asanu ndinagawa bwinobwino. Kapu yomaliza, yofiira, inali ya mayi a Mwanaisha, mayi wamasiye wachisilamu amene ankayanika usipa kumunsi kwa mudzi. Apo ndiye panavuta. Mwana wawo Mwanaisha anali atandiseka kusukulu sabata yomweyo, akuti chigamba cha payunifolomu yanga chinali mapu a Malawi, ndipo kalasi yonse inafa nacho chiseko. Ndiye amwe shuga wa bambo anga? Ndinati aname. Ndinazemba kuseri kwa nyumba yawo, m'munda wa chinangwa, n'kukabisa kapu ija m'bwato lakutha limene linkawola patsinde pa mtengo wa mango. Ndinanyambitako kawiri, n'kuvundikira ndi tsamba. Mayi aja anali pathandala akutembenuza usipa, ndipo ndinadzinamiza kuti sanandione.

Kwathu munthu ukalandira kanthu umalawira m'mawa kukathokoza za dzulo. Lamulungu lija azimayi asanu anabweradi mmodzimmodzi tisanapite kutchalitchi. Amayi ankangosuzumira kunjira ya kumunsi. "Kapena tawalakwira?" anadzifunsa chapansipansi.

M'tchalitchi benchi linkandiwotcha. Nyimbo sindinaimve, ulaliki sindinaumve, ndinkangoona ngati mlaliki akuloza ine. Titangotuluka ndinathamangira kubwato kuja kuti ndikakonze mlandu wanga. Kalanga ine! Mvula ya m'mamawa inali italowa, shuga yense ali phala, nyerere zili bii mpaka m'mphepete mwa kapu. Ndinakhuthulira pamchenga, kapu n'kuibisa m'malaya.

Pofika kunyumba ndinapeza mayi a Mwanaisha ali pamkeka ndi amayi, kambale ka usipa kali pakati. Ndinadziwa kuti lero ndiye lero.

"Ndabwera kudzathokoza za dzulo," anatero mayi aja. "Shuga uja ndalandira. Mulungu abwezere pamene mwachotsapo." Kenaka anandiyang'ana, n'kumwetulira pang'ono. "Mwana wanuyu ngwaulemu, anachita kugwada."

Bola akanandimenya ndi mtengo wa pathandala. Atachoka, amayi anapuma mpweya wautali n'kundiuza zimene sindinkadziwa. Chaka cha njala, ine ndili wamng'ono, miyendo itatupa, mayi omwewa ndi amene anagawa pakati dengu lawo lomaliza la makaka, chinangwa chouma chija, n'kutibweretsera. "Ukupumamu ndi chifukwa cha iwowa," anatero amayi.

Ndinalira chokweza, mamina ali chuchuchu, n'kuulula zonse. Amayi sanandikhudze. Anatsuka kapu yofiira ija, n'kuidzaza ndi shuga wathu mpaka kusefukira, n'kundipatsira. Njira ya kumunsi inatalika tsiku limenelo. Mwanaisha anali pakhonde, koma ndinagwadabe pamchenga wotentha, iye akuona.

Mayi ake analandira ndi manja awiri. "Dzuka, mwanangu," anatero. "Ukawauze amayi ako kuti ndinathokoza kale."

Lero shuga ali pagolosale iliyonse ya m'mbali mwa msewu, ndipo ana anga amathira masupuni atatu osayang'ana n'komwe. Ndimagula belo lathunthu la mapaketi, ndimapemphera ndisanadye, ndili ndi mpanda wanjerwa ndi geti lachitsulo. Koma mawu a amayi anga aja sandipatsa mtendere. Mulungu akudzerabe pakhomo panga mwezi ndi mwezi, ndipo ndikaona geti lija lili chitsekere ndimachita manyazi omwe aja. Dzulo ndinafuna kutuma mwana wanga ndi kapu ya shuga kwa anansi athu. Anandifunsa kuti dzina lawo ndani, ndipo ine sindinkalidziwa.