Nkhope ya a Howard pa chimbale

Feston wa pa Bangula anayamba ndi kugulitsa milamba yowamba, kenako kabaza, mpaka mlamu wake atamubweretsera kamera kuchokera ku Joni. Kuyambira pamenepo ndi "a Dairekita", ngakhale fungo la nsomba silinamuchoke m'jekete. Kamerayo inali yakuthwa zedi, inkaonetsa ngakhale thukuta la mkwati. Koma m'midzi muno anthu amaonera pa deki ndi kanema wa chimutu, ndiye zonse ankaziika pa chimbale. Apo nkhope zinkafota ngati masamba a dzungu. Iye ankati vuto ndi maso athu.

Anajambula ukwati wina kwa Katunga. A Howard, msodzi wa ku dambo, analipo, koma poti apongozi awo anakhala kutsogolo penipeni, iwo monga mkamwini wamwambo anakaima kutali, pansi pa msangu, pamodzi ndi akamwini anzawo. Mwezi usanathe bwato lawo linapezeka lokha m'mabango.

Mkazi wawo, mayi Dorika, anabwera ku kashopu ka Feston. Amuna awowo sanajambulitsepo chithunzi.

"A Dairekita, akuti bambo a kwathu ali m'makina mwanumu."

Feston anatsegula kamera, nakuza pa msangu paja. A Howard anaoneka bwinobwino, akuseka, dzino lawo lobenthuka lili poyera. Mayi Dorika anakhala pansi pa simenti.

"Ndi iwowa. Muwaike pa chimbale, ana akawaone. Koma atuluke chonchi."

"Mayi, musadandaule. Ine ndi katswiri."

Katswiri uja anatuluka thukuta sabata yonse. Chimbale choyamba, pansi pa msangu panali madontho. Anachotsa nyimbo ndi magule kuti malo achuluke, madontho omwewo. Anagula zimbale zodula ku Nchalo, anachedwetsa makina, anafunsa anyamata obena nyimbo pa zimbale pamsika. Mmodzi anamuuza mosabisa kuti chimbale n'chaching'ono, munthu wakutali sichimusunga.

Loweruka kunali ukwati wina, ndipo khadi la kamera anali nalo limodzi lokha. Anasamutsira ukwati wa kwa Katunga mu laputopu, nafufuta khadi. Unali Okutobala. Laputopu ija, imene ankaikupiza ndi katoni ngati wodwala, inazima masana ena, osadzukanso. Wokonza ku Blantyre anangopukusa mutu.

Feston ananyamula chimbale chimene chinali bwinoko, napita yekha kwa mayi Dorika. Anabwereka deki ya aneba, ana anakhala pamphasa. Msangu utaoneka, iye anaimitsa kanema.

"Ababa ndi ati?" anafunsa Priska, mwana wamng'ono.

"Ndi awo a malaya oyera," anatero Simoni, mchimwene wake wamkulu.

"Iwe, onsewo ndi a malaya oyera!"

Mayi Dorika anayandikira mpaka mphuno kugunda galasi. Anayang'ana nthawi yaitali, kenako anaika chala pa dontho lakumanzere.

"Awa. Kaimidweko simukukaona?"

Feston ankadziwa kuti lakumanzerelo ndi a Augustino, ogulitsa mchere, amene ali moyo ndipo amakangana ndi anthu pamsika tsiku lililonse. A Howard anali lachiwiri kwake.

"Takhuta, a Dairekita," anathokoza mayiwo, chala chili pomwepo. Priska anadzuka kukapsompsona galasi.