Gawo Limene Linayambira ku Chama

Tinalowa mu Chama kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990 titakwera lole ya fetereza, ine kutsogolo ndi mwana, amuna anga kumbuyo atafukata tivi ngati wodwala wopita naye kuchipatala. Boma linali litawasamutsa kuchoka ku Kabwe kuti akakhale kalaliki paboma. Ine mtima unali mbee, chifukwa kwathu ndi ku Chikwa, ndipo amayi anali atayamba kuvutika ndi miyendo. Amuna anga nkhope inali ya kumaliro.

Tivi inafika yamoyo, koma ku Chama kunalibe choti igwire. Analumikiza nsungwi ziwiri, kumangirira eriyo pamwamba, kubwereka batire ya galimoto. Iwo ali padenga kupotoza nsungwi, ine pawindo kukuwa kuti palibe, mpaka mawu anandithera. Pagalasi pankangowira timadontho toyera. Mapeto ake ndinailukira kansalu n'kuifunditsa, ikhale pakona ngati mlendo wamanyazi.

Kuyambira pamenepo mwezi uliwonse ankalemba kalata yopempha kuti awabwezere kutauni. Kalata iliyonse inkandidula mtima. Akanawayankha, ndikanawasiyira ndani amayi?

Chimene ankachilira kwenikweni sichinali magetsi kapena msewu wa tala. Inali pulogalamu ina ya anthu oyenda pachombo pakati pa nyenyezi, imene ku Kabwe sankaiphonya ngakhale kubwere alendo. Munthu wamkulu, wa mwana, kuusa moyo chifukwa cha anthu ovala zothina amene sakumudziwa n'komwe! Ndinkapsa mtima, koma ndinkangomeza.

Anatipulumutsa ndi asibweni, mlongo wawo wa amayi, amene ankabwera kudzagulitsa mpunga pamsika n'kufikira kwathu. Loweruka lina masana analoza pakona.

"Apongozi, ichi chibokosi chimakamba vichani chikakhala bwino?"

Amuna anga anavundukula kansalu, kupukuta galasi ndi mkono wa malaya, n'kuyamba kufotokoza gawo loyamba. Ankalira ngati injini, kugwa pansi ngati woomberedwa, kudzuka n'kuyankhula ngati mkulu wa chombo. Loweruka lotsatira asibweni anabwera ndi anzawo awiri a pamsika. Posakhalitsa mipando inkachepa, ena n'kumabwera ndi yawo. Ndipo panali lamulo lake: onse ankakhala moyang'ana tivi yozimayo, osati wofotokoza, ndipo asibweni sankalola kuti nkhani iyambe kansalu kasanachotsedwe. Wochedwa ankalowa chowerama kuti asatchinge anzake. Makalata aja anayamba kudumpha miyezi.

Koma magawo anatha. Atayesa kubwereza lakale, asibweni anadzuka n'kutenga chipewa.

"Iyi tinatamba kale, apongozi. Uyu wa ndevu adzafa pa mlatho."

Sabata imeneyo ndinaonanso envulopu pathebulo.

Kenaka tsiku lina amuna anga anabwera kuchokera kumsika akuyenda ngati wakwezedwa pantchito. Kwa mayi wina wogulitsa salaula, zovala zovalidwapo kale zija, anapezako katoni ya mabuku akale, ndipo limodzi linali ndi chombo chomwe chija pachikuto. Analiwerenga mobisa masiku atatu, n'kulilowetsa kunsi kwa matiresi. Loweruka anaimirira pambali pa tivi, chifuwa patsogolo.

"Lero ndikupatsani gawo limene ndinaliona ku Kabwe ndi maso angawa, koma ndinali nditalisunga."

Linali la dziko limene mvula imatuluka m'nthaka kupita kumwamba. Omvetsera aja, pokhala alimi, anasokonezeka mitu. Anatsutsana mpaka dzuwa kupendeka kuti chimanga ungachibzale bwanji kumeneko, nanga denga ungaliike kuti. Amuna anga anaigawa nkhaniyo zidutswa kuti ikwane milungu yambiri.

Bukulo ndinalipeza poyanika matiresi. Sukulu ndinalekeza fomu 3, koma Chingerezi cha tsamba loyamba ndinachimva bwinobwino. Linkati nkhaniyi inalembedwa kuti aisewere pa tivi, koma pulogalamu inathetsedwa asanaijambule, ndiye wolemba anaisandutsa buku kuti isatayike. Amuna anga masamba oyamba a buku sawerenga, amati ndi a anthu olemba mayeso. Iwo ankangoganiza kuti gawolo linaonetsedwa ife titachoka kale. Ndinalibweza pamalo pake, pakamwa ndinatseka. Bodza lawo linkandisungira amayi pafupi, ndipo sindikuchita manyazi kunena kuti ndinalikonda.

Analiwononga ndi mphunzitsi watsopano wa sayansi, wochokera ku Kabwe komweko, amene amuna anga anamuitana okha kuti adzawachitire umboni. Anakhala kutsogolo, kumvetsera pang'ono, kenaka n'kukweza dzanja ngati ali m'kalasi.

"Akulu, ine ninatamba magawo yonse mpaka kusila. Iyi ya mvula kulibe."

"Mwina kwanu magetsi anazima tsiku limenelo."

"Awe, tenze pa laini ya chipatala. Siyenze kuzima."

Amuna anga thukuta linali kamukamu, ndipo m'thumba la malaya ndinkaona nsonga ya envulopu imene anali asanaitumize. Mmodzi wa a pamsika anayamba kuseka chamumtima, mapewa okha akugwedezeka. Ndinadziwa kuti akawatchula wabodza pamaso pa apongozi awo, Lolemba kalata ikupita, ndipo ulendo uno akaitsatira okha mpaka kwa akuluakulu awo ku Chipata.

Ndinalowa kuchipinda, kutukula matiresi, kubwera nalo bukulo. Amuna anga anandiyang'ana ngati ndawagulitsa. Ndinawerenga tsamba lija mokweza, n'kulimasulira m'Chisenga kuti aliyense amve. Mphunzitsi anagwedeza mutu mokhutira. Ine ndinkafuna kumuponyera bukulo kumaso.

Asibweni anasisita chipewa pabondo.

"Manje mwana wa mlongo wanga, unene bwino. Ku Kabwe sanaitambe iyi?"

"Sanaione, asibweni."

"Ku Lusaka?"

"Ngakhale ku Lusaka."

"Nanga azungu eni ake?"

"Palibe anaionapo. Sinajambulidwe."

Anatembenukira anzawo, maso ali gwa.

"Mwamva? Fetereza imafika kuno chimanga chitamasula. Nyuzipepala imafika nkhani zitaola. Manje ichi chimodzi chayambira kuno ku Chama, ise ndise oyamba kuchitamba pa dziko lonse, ndipo imwe mufuna kukangana? Aphunzitsi, tsitsani dzanja, mukutchinga. Apongozi, pitirizani. Mvula ija yenze yafika m'mawondo."

Amuna anga anayang'ana asibweni. Kenaka anaseka, kuseka kwenikweni kumene ndinali ndisanakumve chichokereni ku Kabwe, mpaka kugwira tivi kuti asagwe. Anapukuta galasi ndi mkono wa malaya n'kupitiriza. Mphunzitsi uja sanaphonyenso Loweruka ngakhale limodzi, ndipo ndi iye anadzalembera mkulu wake kutauni kuti atifunire mabuku ena a mtundu umenewo.

Lolemba pochapa ndinaipeza envulopu ija m'thumba, nditaviika kale malaya m'beseni. Ndinathamanga nayo ikudontha.

"Atate ake mwana, kalata yanu yanyowa. Ndiiyanike?"

Anali akumanga zingwe za nsapato. Sanadzutse n'komwe mutu.

"Chapani malaya, mayi. Loweruka ndili ndi anthu."

Amayi anakhala nafe mvula zina zinayi. Miyendo itakaniratu tinawatengera kuboma, ndipo Loweruka lililonse ankawanyamulira pampando wa kutsogolo ndi mkamwini wawo yemweyo. Tsiku limene anatisiya, ndinali pambali pawo.