Anthu Achitsulo Atabwerera ku Cassacatiza

Nkhondo itatseka sikola imene ndinkaphunzitsako ku Nsadzo, ndinathawira ku Cassacatiza, kumalire a Zambia, ndi malaya awiri ndi pakamwa panga. Pakamwapo ndi pamene panandipezera ntchito. Bambo Zakariya, amene ankaonetsa kanema m'nkhokwe yakale ya thonje, anandimva ndikutsutsana ndi munthu pamsika n'kundiitana.

"Apulofesoro, Chingerezi mumachidziwa?"

Ndinavomera. Kunena zoona, ine ndinaphunzira Chipwitikizi, Chingerezi changa chinali cha moni basi. Koma njala ilibe manyazi.

Patarau wangayo, ndiye kuti bwana wanga Zakariya, ankabweretsa mafita a kanema kuchokera ku Zambia, ojambulidwa pa televizau. Inali nkhani yosatha ya anthu oyenda m'chombo pakati pa nyenyezi. Masana tinkatseka mazenera ndi masaka, kuliza jeradoro ya magetsi, kupukuta mutu wa makina oonetsera kanema ndi kansalu konyowetsa ndi kachasu. Kenako ndinkaima pambali pa televizau kumasulira. Ndinkayang'ana nkhope ndi manja, mawu n'kumapeka ndekha.

Adani m'nkhaniyo anali anthu achitsulo, owotcha midzi ya maiko ena. M'fita ina anagonjetsedwa, chombo chawo n'kuphulika. Ine, pofuna kukometsa, ndinalengeza kuti afa onse, sadzabweranso mpaka kalekale. Anthu anaomba m'manja. Amayi Rozaliya, amene anathawa mudzi wawo ukuyaka n'kusiya amuna awo komweko, analira poyera. Kuyambira pamenepo sankajomba, ndipo anandiuza kuti ayambanso kugona tulo.

Koma popanda adani nkhani inazizira, mabenchi n'kuyamba kuoneka. Tsiku lina patarau anafika ndi fita yatsopano akumwetulira.

"Abwerera achitsulo aja. Opanga kanema si ana, amadziwa kuti ndiwo zopanda mchere sizidyeka."

Sindiwadzudzula, anali ndi banja lodyetsa. Wolakwa ndine, chifukwa sindinaonere fitayo ndekha poyamba.

Nkhokwe inadzaza. Chitseko cha chombo chitatseguka, achitsulo n'kutulukira, achinyamata anakuwa mokondwa. Amayi Rozaliya anaimirira.

"Aphunzitsi, si munati anafa?"

Ndinaimitsa fita.

"Khalani pansi, amayi. Abwerera inde, koma lero lomwe agonjanso. Muonere mpaka pothera."

Anakhala, chifukwa anandikhulupirira. Ndinamasulira thukuta lili kamukamu, ndikudikira kuti anthu abwino apambane. Fita inathera pamene achitsulo anazinga mudzi, anthu atagwada manja ali m'mutu. Yotsatira inali isanachoke ku Zambia.

Amayiwo anamanga chitenje chawo bwinobwino, osathamanga. Pakhomo anandiyang'ana.

"Kwathunso anatiuza choncho, kuti apita, tibwerere tikakolole."

Fita yotsatira inafika patapita milungu iwiri, ndipo achitsulo anagonjadi. Ndinapita kukawaitana amayi Rozaliya kumsasa kwawo, koma ndinapeza atawoloka malire kupita ku Zambia. Ndinamva chisoni chimene sichinandichokebe mpaka lero.

Kuyambira pamenepo sindinaimenso pamaso pa anthu ndisanaonere fita yonse, ndipo ine ndi patarau tinagwirizana kuti adani akabwerera, tizionetsa fitayo pokhapokha ya kugonja kwawo ili m'manja. Nkhondo itatha ndinabwerera m'kalasi. Ana akandifunsa ngati nkhondo idzabwerenso, sindilumbira. Ndimawauza zimene ndaona, n'kulekera pomwepo.